Matumba Sagwa Okha: Gawo Lachinayi

Zomwe zachitika m'mbuyomu: Achimwene anga, telala wa pakhonde ku Limbe, anagweredwa ndi matumba atatu a feteleza akudutsa m'munsi mwa sitolo ina yosanja yogulitsa katundu mopikulitsa. Anatsitsimukira ku Queens, chiuno ndi phewa zitathyoka, ndipo za tsikulo sakumbukapo kanthu. Eni sitolo anakana kulipira chipukutamisozi chogwirika. Zokambirana zoti nkhani ithere pambali zinalephereka, choncho mlandu wapita ku Khoti Lalikulu ku Chichiri. Pitirizani kuwerenga.

Kutatsala tsiku limodzi kuti mlandu ulowe, mayi loya anatiitanitsa ku ofesi kwawo. Tinapita atatu: ine, achimwene, ndi amalume amene anali atafika m'mawa womwewo kuchokera ku Chiradzulu. Masitepe a pa ofesipo achimwene anawakwera movutika, ndodo ziwiri zili m'khwapa, ndipo atakhala pampando sanadikire n'komwe kuti malonje athe.

"Amayi, ine tulo sindikupeza," anatero. "Mawa akandifunsa kuti chinachitika n'chiyani, ndikayankha kuti chiyani? Ndinanyamuka pamakina kukagula ulusi ndi mazipi. Ndikukumbuka ndikuwoloka msewu. Chotsatira ndi denga la chipatala, mlongo wangayu akulira pambali. Munthu wosaona kanthu n'kuwina mlandu?"

"Mawa mukanene zomwezo, bambo," anayankha mayi loya. "Musakawonjezere ngakhale liwu limodzi. Kabodza kakang'ono kofuna kukometsa nkhani ndi kamene kamagwetsa milandu yabwino."

Anatseka faelo yathu n'kuikapo dzanja.

"Lamulo la masiku onse ndi loti wosuma ndiye amabweretsa umboni. Ukati uje sanasamale, usonyeze kuti sanasamale pati. Mnzanga woimira sitolo akakakamira pomwepo. Koma makhoti anaona kalekale kuti lamuloli, likamatsatidwa mosaganiza, limapondereza amene wavulala kwambiri. Iyeyo ndiye sadziwa chomwe chamugwera, pamene wodziwa zonse ali m'kati mwa nyumba, watseka pakamwa.

"Mu 1863, mumzinda wa Liverpool ku England, bambo wina dzina lake Byrne ankayenda mumsewu wa Scotland Road. Akudutsa pa sitolo ya Boadle, wogulitsa ufa watirigu, mgolo wa ufa unagwa kuchokera pawindo lam'mwamba n'kumuphwanya. Nayenso sanakumbuke kanthu. Anthu anaona mgolo ukugwa, koma panalibe amene anaona chomwe chinaugwetsa. Khoti loyamba linati umboni wa kusasamala palibe, mlandu wathera pomwepo."

"Mwamva, amalume?" anatero achimwene. "Ndi zomwe ndikunenazi."

"Tadekhani, bambo. Nkhaniyo inakwera kupita ku Court of Exchequer, ndipo mkulu wa majaji kumeneko, a Pollock, anakana maganizo amenewo. Anati mgolo sungagubuduke wokha kutuluka m'nyumba yosungira katundu popanda wina kulekerera, ndiponso n'zosamveka kuuza wovulala kuti akatenge mboni m'nyumba ya munthu yemwe akumusumirayo. Byrne anapatsidwa mapaundi 50. Mu 1865 kunaweruzidwanso nkhani ya Scott, wantchito wa kasitomu padoko la London, amene anagweredwa ndi matumba 6 a shuga akudutsa pa nyumba yosungira katundu. Pamenepo Jaji Erle anayala mfundo yake bwinobwino. Majaji athu amaitchulabe mpaka lero, poti malamulo a mtundu umenewu tinawalandira kuchokera ku England mu 1902, dziko lino lili m'manja mwa Angerezi. Mawa mukamva maloyafe tikuti res ipsa loquitur, mudziwe kuti tikunena zomwezi."

Anawerenga ndi zala. Choyamba, chinthu chomwe chakuvulazacho chikhale kuti chinali m'manja mwa amene ukumusumira kapena antchito ake. Chachiwiri, ngoziyo ikhale ya mtundu woti siichitika anthu akamasamala. Chachitatu, pakhale palibe wodziwa chenicheni chomwe chinaiyambitsa. Zitatuzi zikakwana, jaji amaloledwa kunena kuti apa panali kusasamala, ngakhale popanda mboni yoona ndi maso.

Amalume anagwedeza mutu.

"Zimenezo si zachilendo, amayi. Kwathu ukapeza mbuzi m'munda mwako zikudya chimanga, amfumu sakufunsa kuti unaona ndani akutsegula khola. Amaitana mwini mbuzi kuti afotokoze."

"Mwalasa, bambo. Nanga mwini mbuziyo akabwera ndi mboni yoti khola lake linali lolimba, koma akuba analithyola usiku?"

Amalume anayamba akhala chete. "Pamenepo amfumu amayang'anitsitsa mboniyo."

"N'chimodzimodzi mawa. Mfundoyi siimupatsa munthu chipambano m'manja. Imangokakamiza winayo kuti atsegule pakamwa. Mnzanga akabwera ndi nkhani ziwiri, ndipo ndi bwino muzimvere kwa ine. Mu 1944, pa mlandu wa Easson, mwana wa zaka zinayi anagwa kudzera pachitseko cha sitima yochokera ku Edinburgh kupita ku London, sitimayo itayenda kale mtunda kuchoka pasiteshoni. Khoti linati chitsekocho sichinali m'manja mwa kampani yokha, poti aliyense wokwera sitimayo akanatha kuchigwira. Mwanayo sanapate kanthu. Mu 1988, pa mlandu wa Ng Chun Pui wochokera ku Hong Kong, basi inadumpha pakati pa msewu n'kukawomba minibasi ya mbali inayo. Poyamba zinkaoneka zodziwikiratu. Koma dalaivala anafotokoza kuti galimoto ina inamulowerera kutsogolo mwadzidzidzi, khoti linamukhulupirira, ndipo majaji a Privy Council anati mtolo wa umboni umakhalabe pamutu pa wosuma kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto."

"Ndiye ife tili pati?" ndinafunsa.

"Tili pabwino, achemwali, pokhapokha atabweretsa kufotokoza kogwira mtima. Uno si mlandu waupandu woti tichotse chikayiko chonse. Jaji akungofuna aone kuti pa nkhani ziwirizi, yathu ndi yawo, yothekera kwambiri ndi iti. Ndipo munachita bwino kubwera msanga. Kumudzi mumati mlandu suwola, koma wa kuvulala ngati uwu, zikadutsa zaka zitatu usanasume, khoti siliulandiranso."

Ndinafika kunyumba ku Bangwe kutada. Mwana anali atagona. Abambo akunyumba ndinawapeza atakhala pakhonde, nsima yomwe ndinawasiyira ili chivundikirire.

"Ndiye mawa mukupitadi?" anafunsa osandiyang'ana.

"Tikupita. Inu simutiperekeza?"

"Ndili ndi kaganyu ku Makata." Anakhala chete pang'ono. "Amayi, auzeni alamu alandire zomwe eni sitolo anawalonjeza zija. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Anthu andalama sulimbana nawo m'khoti."

"Ndalama zija n'zosakwana ngakhale makina osokera atsopano. Munthu sangathenso kupalasa makina, mwendo sukulola. Ana anayi adya chiyani? Alamu anga akugulitsa mandasi kuti lendi ipezeke. Inu nomwe mukudziwa kuti kusukulu achimwene anandilipirira ndi singano yomweyo, ndipo paukwati wathu ankhoswe anali iwowo."

"Ndikudziwa!" anakuwa, mpaka galu wa aneba anauwa. Kenako anatsitsa mawu. "Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndikuti zithe."

Sindinawayankhe. Chichitikireni ngozi ija, abambo anali atasintha. Kale maganyu awo onse ankawapeza ku Limbe, koma tsopano ankalolera kulipira minibasi ziwiri kupita ku Makata kapena ku Ndirande. Kuchipatala anapitako achimwene atatha kale masabata angapo, ndipo anangoima pakhomo la wodi. Mwezi wathawu anabweza ngongole yonse ya lendi n'kubweranso ndi thumba la chimanga, pomwe maganyu anali akusowa. Nditafunsa anati mnzawo wina wawabwezera ngongole yakale.

Usikuwo anagona chotembenukira kukhoma. Mmene ndinkadzuka tambala wachiwiri, pamphasa panali ine ndi mwana. Malaya awo oyera a kutchalitchi panalibe pamsomali.

Ku Chichiri tinafika nthawi yabwino. Maloya anali m'mikanjo yawo yakuda, kalaliki ndi womasulira ali kutsogolo. A jaji atalowa tonse tinaimirira. Mayi loya anali atatiuziratu kuti malinga ndi malamulo a 2017, mboni imalembetseratu umboni wake papepala n'kusayina. M'khoti imangovomereza kuti pepalalo ndi lake ndipo zolembedwazo n'zoona, kenako loya wa mbali inayo n'kuyamba kuipanikiza ndi mafunso.

Achimwene analumbira, anavomereza pepala lawo, ndipo lipoti la chipatala ndi la apolisi zinaperekedwa. Loya wa sitolo anaimirira. Anali bambo wamtali, wolankhula mofatsa.

"Bambo, munaona munthu akugwetsa matumbawo?"

"Ayi, bwana."

"Chingwe munachiona chikuduka?"

"Ayi, bwana."

"Wantchito wa sitolo munamuonapo pamwambapo?"

"Sindinaone aliyense."

"Munayang'ana kumwamba musanadutse?"

"Bwana, poyenda m'tauni timayang'ana magalimoto."

"Ndiye tauzani khoti lino: eni sitolo analakwa chiyani, poti inu simunaone kanthu?"

Achimwene anagwira m'mphepete mwa bokosi ndi dzanja lawo labwinolo.

"Bwana, chomwe analakwa akudziwa ndi iwowo, chifukwa nyumba ndi yawo, chingwe ndi chawo, feteleza ndi wawo. Ine chomwe ndikudziwa n'chakuti matumba sagwa okha."

Womasulira atawatembenuza mawuwo m'Chingerezi, a jaji analemba kwa kanthawi.

Mboni yathu yachiwiri inali mayi wogulitsa nthochi tsidya la msewu. Anati inali nthawi ya nkhomaliro. Chitseko cham'mwamba, chomwe amakwezerapo katundu ndi chingwe chodutsa pakawilo, chinali chotsegula. Matumba atatu anali lende panja, pamwamba penipeni pa njira ya anthu. Pansi panalibe chotchinga, panalibe chikwangwani, panalibe munthu wochenjeza odutsa. Anamva chingwe chikulira pakawilo, munthu wina m'mwambamo akukuwa kuti "Mayo ine!", kenako matumba ali pansi, achimwene ali pansi pa matumbawo. Nkhope ya wokuwayo sanaione.

Itafika nthawi ya mbali inayo, m'bokosi munalowa kapitawo wa sitolo. Pepala lake linkati 12 koloko itakwana antchito onse anapita kukadya, iye anamangirira chingwe molimba pamtanda n'kukhoma chitseko chamkati, ndipo munthu wakunja ndi amene anakwera kudzera kuseri, n'kumasula chingwecho pofuna kuba. Loya wawo anatchuladi nkhani ya mwana wa m'sitima uja.

Mayi loya anaimirira pang'onopang'ono.

"A kapitawo, makiyi a chipinda cham'mwamba alipo angati?"

"Awiri. Ina ndimasunga ine, ina abwana."

"Loko munamupeza atathyoledwa?"

"Ayi. Anali wotsegula chabe."

"Kiyi yanu inali kuti?"

"M'thumba mwanga."

"Ya abwana anu?"

"Anali nayo ku banki."

"Zikomo. Za wakubayo munakanena ku polisi ya Limbe?"

"Tinatanganidwa ndi wovulalayu."

"Mawa lake? Sabata yotsatira? Mpaka lero?"

"Sitinapite."

"Mlonda wa masana amalemba zochitika m'buku. Buku la mwezi umenewo lili kuti?"

"Mlondayo anasiya ntchito. Buku silikuoneka."

"Nanga chingwe?"

"Tinataya."

"Chifukwa?"

"Chinali chitatha."

"Chinatha liti, a kapitawo? Tsikulo lisanafike, kapena litadutsa?"

Kapitawo anayang'ana loya wawo. Loyayo anali kuyang'ana mapepala ake. A jaji anamuuza kuti ayankhe, ndipo iye anati sakukumbuka.

"Thumba limodzi la feteleza ndi makilogalamu 50. Atatu ndi 150. Mukuuza khoti lino kuti munasiya makilogalamu 150 ali lende pamwamba pa njira ya anthu, inu n'kupita kukadya nsima?"

"Ndinamanga bwino."

"Nyengo ya feteleza katundu amachuluka. Aganyu mumalemba?"

"Nthawi zina."

"Mayina awo amalowa m'buku la malipiro?"

"Ayi, timawapatsa pamanja madzulo."

"Ndiye kuti munthu atha kugwira ntchito m'mwambamo tsiku lonse, atatumidwa ndi inu, koma dzina lake osapezeka paliponse?"

"Tsikulo kunalibe waganyu."

"Sindinafunse za tsikulo. N'zotheka kapena ayi?"

"N'zotheka."

Amalume anandigwira pamkono. Achimwene kwa nthawi yoyamba tsikulo anakhala mowongoka. Ngakhale ine wosaphunzira malamulo ndinaona kuti nkhani ya wakuba ikugwedera: loko wosathyoledwa, polisi yosauzidwa, buku losowa, chingwe chotayidwa. Palibe chimodzi mwa zimenezi chomwe chinali umboni wa munthu woona ndi maso, koma zonse zinkaloza kumodzi.

Pamenepo loya wa sitolo anaimirira n'kupempha chilolezo choitana mboni ina. Anati munthu amene anamasula chingwe uja wapezeka, wadzipereka yekha dzulo madzulo, walemba umboni wake n'kusayina, ndipo ali panja. Mayi loya anakana mwamphamvu. Anati nthawi yopereka mapepala a mboni inatha kalekale, ndipo kubweretsa munthu tsiku la mlandu n'kutchera msampha. A jaji anati amva mbali zonse, apereka chigamulo 2 koloko, ndipo pakadali pano pepalalo liperekedwe kwa loya wathu.

Tinatuluka n'kukhala pabenchi m'khonde. Mayi loya anawerenga pepalalo ali chiimire, kenako anabwera pomwe tinali.

"Munthuyu akuti amakhala ku Bangwe. Akuti tsikulo njala inamukwana, anakwera kuseri kwa sitolo, anapeza chitseko chosakhoma bwino, n'kumasula chingwe kuti atsitse thumba limodzi. Akuti kapitawo samudziwa ndipo sanagwirepo ntchito pamenepo. Achemwali, inu mumakhala ku Bangwe. Dzina ili mukulidziwa?"

Anandilozera ndi chala pansi pa pepalalo. Dzinalo sindinachite kuliwerenga kawiri. Ngakhale kasayinidwe kake ndinkakadziwa, poti n'komweko kali pamtchatho wathu wa kutchalitchi.

Miyendo inazizira. Amalume analanda pepalalo, analiyang'ana, n'kuvula chipewa. Achimwene anafunsa kuti kwagwanji, ndipo amalume anawauza ndi mawu apansipansi. Sanakuwe, sanatukwane. Anangoti, "Alamu?" n'kuyang'ana ndodo zawo.

"Khoswe wakhala pamkhate," anatero amalume. "Tikaponya mwala tiswa mkhate womwe."

Mayi loya anakhala pambali panga. "Achemwali, nthawi tilibe. Sindikukufunsani zomwe munaona ku Limbe, poti kunalibeko. Ndiuzeni zomwe munaona kunyumba."

Ndinawauza za maganyu a ku Makata, za kuima pakhomo la wodi, za lendi ndi thumba la chimanga, za malaya oyera. Kenako ndinakumbuka chomwe ndinkachikankhira kutali miyezi yonseyi. Usiku wa ngoziyo, nditabwera kuchokera ku Queens, ndinawapeza atakulunga manja onse awiri ndi nsanza. Khungu la m'zikhatho linali litasupuka mzere umodzi, kuchokera pachala cholozera mpaka m'mphepete. Anati anagwira chitsulo chamoto pagaraja. Ndinawapaka mankhwala ndekha, ndipo zipsera zake zilipo mpaka lero.

"Manja onse awiri? Mzere wowongoka?"

"Eya."

Mayi loya anatseka maso pang'ono.

"Chitsulo chamoto munthu amachitaya msanga, sichimusupula choncho. Icho ndi chingwe. Munthu wongomasula mfundo n'kuthawa sapsa m'manja. Amapsa ndi amene chingwe chikumupulumuka iye akulimbana nacho kuti katundu asagwe. Mwina wina anganene kuti ndi wakuba ankatsitsa thumba. Koma ndi wakuba uti amene amatsitsira katundu kumsewu masana, anthu ali piringupiringu, pomwe wakwerera kuseri? Ndipo loko anamutsegulira ndani, kiyi ili m'thumba mwa kapitawo?"

"Ndiye kuti anali paganyu," anatero amalume.

"Ndi mmene ine ndikuonera. Ndipo ngati anawalemba ndi kapitawo, n'kuwasiya okha ndi chingwe chakutha anzawo atapita kukadya, kulakwa konse n'kwa sitolo, chifukwa bwana amayankha pa zomwe wantchito wake walakwitsa ali pantchito. Koma akaima m'bokosimo n'kuvomereza pepala ili, a jaji n'kuwakhulupirira, ndiye kuti matumba aja sanali m'manja mwa sitolo panthawiyo. Mfundo yathu yoyamba ija yagwa. Titsala ndi nkhani yoti sanatchinge njira, ndipo imeneyo tidzachita kulimbana nayo. Wolipira weniweni adzakhala munthu amene alibe ngakhale mbuzi."

"Angavomere bwanji kuti ndi wakuba, munthu wosabapo ngakhale nkhuku?" ndinafunsa, misozi ikutsika.

"Mwina anamuopseza kuti iyeyo ndiye amangidwa chifukwa chovulaza munthu. Mwina anamulonjeza kuti za kubazo sizipita kupolisi. Za lendi mwanena nokha. Mantha ndi njala zikagwirizana, munthu amasayina chilichonse." Anandigwira dzanja. "Ndikufunsani chinthu cholemera. Zikavuta, ndipempha a jaji kuti inu mulowe m'bokosi mukanene za manjawo. Mungathe?"

Ndinayang'ana achimwene, amene anandilera bambo athu atamwalira. Ndinaganiza za mwana wanga, amene madzulo aliwonse amathamangira bambo ake kumsewu. Pakamwa panauma. Ndisanayankhe, kalaliki anatulukira pakhomo n'kuitana mlandu wathu.

Chigamulo cha a jaji chinali chachifupi. Anadzudzula mbali ya sitolo chifukwa chochedwa ndi pepalalo, ndipo anati ndalama zotayika chifukwa cha kuchedwako alipira ndi iwowo. Koma anati khoti silingatseke makutu kwa munthu amene akuti ndiye anagwira chingwe. Mboniyo imvedwa, ndipo loya wathu akafuna nthawi yokonzekera mafunso apatsidwa.

Chitseko chakumbuyo chinatseguka. Abambo akunyumba analowa atavala malaya oyera aja, manja ali kumbuyo. Anadutsa pafupi ndi benchi yathu osatembenuka. Kapitawo, amene anali atakhala mzere wakutsogolo, anawayang'anitsitsa mpaka anakafika m'bokosi.

Kalaliki anawapatsa Baibulo. Potambasula dzanja lamanja kuti alilandire, chikhatho chinaonekera, ndipo ndinaona mayi loya akulemba kanthu msangamsanga. Analumbira ndi mawu onjenjemera.

A jaji anavula magalasi n'kulankhula nawo kudzera mwa womasulira.

"Bambo, musanayambe ndikuchenjezeni. Pepala lomwe lili pamaso pangali likunena kuti munalowa m'nyumba ya eni ake kukaba. Umenewo ndi mlandu waupandu, ndipo simukukakamizidwa kunena mawu okumangitsani nokha. Dziwaninso kuti kunama mutalumbira ndi mlandu wina, wopita nawo kundende. Mwamva?"

"Ndamva, bwana."

Loya wa sitolo anawapatsira pepalalo.

"Dzina lili pamwambapo ndi lanu?"

"Ndi langa."

"Anasayina pansipo ndi inu?"

"Ndine."

"Mukuvomereza kuti zonse zolembedwa m'menemo n'zoona, ndipo mukuzipereka ngati umboni wanu m'khoti lino?"

Yankho silinabwere. Pepala linkanjenjemera m'manja mwawo. Anayang'ana kapitawo. Anayang'ana ine. Kenako maso awo anakaima pa achimwene, amene anali atadzikoka n'kuimirira ndi ndodo zawo, ngakhale amalume ankawakokera pansi.

Loya anabwereza funso lija, mawu atakwera pang'ono. A jaji anati mboni iyankhe, eya kapena ayi.

Abambo anaika pepalalo pansi, n'kutambasula manja onse awiri, zikhatho zitaloza kwa a jaji.

"Bwana woweruza," anatero, "ndisanayankhe, ndikupempha kuti a kapitawo ayambe atuluka muno."

Kodi a jaji alola pempho limeneli? Kodi mboniyi ivomereza pepala lomwe inasayina, kapena iulula amene anaipatsa chingwe tsiku lija? Nanga mkazi wake akaitanidwa m'bokosi, aima ndi mlongo wake kapena ndi bambo a mwana wake? Musaphonye gawo lachisanu sabata yamawa.